Pogona pa Wophunzira: Mbiri ya Zomba ndi Msewu wa ku Blantyre

Mnyamata kapena mtsikana akakhoza bwino mayeso a Fomu 4 nasankhidwa kupita kusukulu ya ukachenjede, mudzi wonse umakondwera naye. Koma nthungululu zikangotha pamabuka funso limene mndandanda wa mayina a osankhidwa suyankha: kodi mwanayu azikagona kuti? Funso lomweli limasautsanso mphunzitsi amene wapeza ntchito pakoleji ya m'tauni yaing'ono pamene banja lake lidakhazikika kale mumzinda waukulu. Ena amasamukira kufupi ndi sukulu. Ena amalolera kumalawirira tsiku ndi tsiku kuchokera kutali. M'dziko la Malawi mulibe malo amene angaphunzitse munthu za nkhaniyi kuposa Zomba ndi Blantyre, mizinda iwiri yotalikirana makilomita pafupifupi 65, imene yakhala ikulandana anthu kwa zaka zoposa 130.

Mbiri ya mizinda iwiriyi imaonetsa kuti maphunziro a ukachenjede sathera m'kalasi. Gawo lalikulu la maphunzirowo limachitika m'maola amene aphunzitsi ndi ophunzira amakhala pamodzi ataweruka kale, ndipo maola amenewa amapezeka pokhapokha ngati anthu akugona moyandikana. Mbiriyi imaonetsanso kuti kuyandikanaku kuli ndi mtengo wake, ndipo wolipira mtengowo wakhala akusintha m'kupita kwa zaka.

Chiyambi cha matauni awiri

Tauni ya Blantyre inayamba m'chaka cha 1876 pamene amishoni a Church of Scotland anamanga misasa yawo pakati pa mapiri a Ndirande, Soche ndi Michiru. Malowo anawatcha dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Patangopita zaka ziwiri kunabwera kampani ya African Lakes, imene sitolo zake zinatchuka ndi dzina loti Mandala. Motero kuyambira pachiyambi pomwe, Blantyre inali malo a amishoni ndi amalonda.

Mmodzi mwa azungu amene anabwera ndi mishoniyo anali John Buchanan, katswiri wa za ulimi. Iyeyu anakatsegula munda wa khofi ndi nzimbe m'tsinde mwa phiri la Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, m'dera limene munkakhala Anyanja ndi Ayao a mafumu monga Malemia ndi Mlumbe. M'chaka cha 1886 Buchanan anayamba kumangira kazembe wa dziko la Britain nyumba pamalopo. Nyumbayi ndi imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina loti Masongola. Pamene Harry Johnston anafika m'chaka cha 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, anasankha Zomba kukhala likulu la boma. Kumeneko kunali madzi abwino otsika m'phiri ndi mphepo yozizira, komanso kunali kufupi ndi njira zimene ogulitsa akapolo ankadzera popita kugombe la nyanja yamchere. Olemba mbiri ena amanenanso kuti Johnston sanafune kukhala khomo limodzi ndi amishoni ndi amalonda a ku Blantyre, amene ankakonda kutsutsa zochita zake.

Chuma sichinatsatire boma. Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero kumatchedwa Nsanje, inafika ku Blantyre m'chaka cha 1908, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale ya fodya ku Limbe. Njanjiyo itapitirizidwa mpaka ku Salima m'chaka cha 1935, inalambalala Zomba n'kudzera ku Balaka. Chifukwa cha ichi masitolo akuluakulu, mabanki ndi mafakitale anaunjikana ku Blantyre ndi ku Limbe, matauni awiri amene analumikizidwa kukhala amodzi m'chaka cha 1956. Kalembera wa 1966 anapeza kuti mu Blantyre munali anthu oposa 100,000 pamene Zomba, likulu la dziko, inali ndi anthu osakwana 20,000.

Apaulendo oyamba

Popeza boma linali kwina ndipo malonda anali kwina, msewu wa pakati pa matauni awiriwa sunkasowa anthu. Nyumba ya malamulo imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1907 inkakumana ku Zomba, choncho oimira amalonda, eni minda ndi amishoni ankayenera kuyenda ulendo wa mamailosi 40 kuti akalankhule kwa bwanamkubwa. Nalo bwalo lalikulu la milandu linali ku Blantyre, kotero kuti akuluakulu ena a boma ankalowera mbali inayo. Magalimoto asanachuluke, mzungu ankanyamulidwa pamachila ndi gulu la amuna olandizana mapewa, katundu wake ali pamitu ya amtengatenga. Wokwera pamachila ankadandaula za kutalika kwa ulendo, koma thukuta linali la onyamulawo.

M'kati mwa matauni momwemo munalinso mtunda wa mtundu wina. Ku Zomba azungu ankakhala kumtunda, m'mphepete mwa phiri, pafupi ndi maofesi awo. Amwenye anali ndi sitolo ndi nyumba zawo chakumsika. Akalaliki, apolisi ndi asilikali achikuda anapatsidwa tinyumba kumunsi, ndipo antchito wamba ambiri ankachokera m'midzi yozungulira, kuyenda wapansi mbandakucha ndi kubwerera dzuwa litalowa. Ku Blantyre zinthu zinali chimodzimodzi. Anthu a ku Ndirande ndi a m'midzi ina ya m'mbali mwa tauni ndiwo ankadzaza misewu m'mawa kupita kukagwira ntchito m'dera limene sankaloledwa kumangamo nyumba. Apa pali phunziro loyamba: m'matauni a dziko lino, kugona pafupi ndi ntchito sikunali chinthu chimene munthu ankangodzisankhira. Unali mwayi woperekedwa ndi wolemba ntchito kwa amene iye wawakonda, ndipo ena onse ankalipira mtunda ndi mapazi awo.

Yunivesite yomwazikana

Dziko litalandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964, nyumba ya malamulo inakhazikitsa Yunivesite ya Malawi m'chaka chomwecho. Maphunziro anayamba mu Sepitembala 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira pafupifupi 90, motsogozedwa ndi Dr. Ian Michael. Pofika chaka cha 1967 yunivesiteyi inali ndi nthambi zisanu. Ku Chichiri kunali Chancellor College. Ku Soche Hill kunali koleji yophunzitsa aphunzitsi. Ku Mpemba, kunjira ya ku Chikwawa, kunali sukulu ya kayendetsedwe ka boma ndi malamulo. Polytechnic inali kufupi ndi Ginnery Corner, ndipo koleji ya za ulimi inali ku Bunda, m'boma la Lilongwe.

Kumwazikanaku kunali ndi zovuta zake. Koleji iliyonse inkafuna nyumba yakeyake yosungiramo mabuku ndi aphunzitsi akeake, chikhalirecho dziko linali losauka ndipo anthu ophunzira kwambiri anali owerengeka. Wophunzira malamulo ku Mpemba sankakumana kawirikawiri ndi mnzake wophunzira mbiri ku Chichiri, ngakhale onse ankatchedwa a yunivesite imodzi.

Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Hastings Kamuzu Banda, ankakonda kunena kuti ali m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia, kumene anatsekeredwa kuyambira 1959 mpaka 1960, analota maloto atatu: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga yunivesite ku Zomba, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Maloto awiri oyambawo anali olukanalukana. Likulu likachoka, Zomba ikanatsala bwinja popanda china cholowa m'malo mwake. Motero m'chaka cha 1973 makoleji a ku Chichiri, Soche Hill ndi Mpemba anasamukira ku Chirunga ku Zomba n'kukhala koleji imodzi pansi pa dzina la Chancellor College. Polytechnic inatsala ku Blantyre ndipo Bunda inatsala komwe inali. M'chaka cha 1975 Lilongwe inakhala likulu la dziko.

Sikuti boma lonse linasamuka. Nyumba ya malamulo inapitiriza kukumana ku Zomba mpaka chaka cha 1994. Kunatsalanso malo osindikizira mabuku a boma, nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko, ofesi ya kalembera, asilikali a ku Cobbe Barracks, ndende yaikulu ndi chipatala cha odwala matenda a maganizo. Komabe mtima wa tauniyo unasintha. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 24,000 mu Zomba, pamene Lilongwe, imene zaka khumi ndi chimodzi m'mbuyomo inali yofanana ndi Zomba, inali itayandikira anthu 100,000. Kuyambira pamenepo Zomba inadziwika ngati tauni ya sukulu.

Zipatso za kuyandikana

M'zaka zoyambirira ku Chirunga, pafupifupi wophunzira aliyense ankagona pakoleji. Ankadya m'chipinda chimodzi chodyera, ndipo gawo lalikulu la zofunika pa maphunziro ake linkalipiridwa ndi boma. Aphunzitsi ankapatsidwa nyumba za koleji m'madera oyandikira, moti ambiri ankatha kupita kuntchito wapansi kapena panjinga. Mphunzitsi ndi wophunzira ankakumana m'kalasi m'mawa, n'kukumananso kumsika masana, kutchalitchi Lamulungu ndi kubwalo la mpira Loweruka. Mtsutso woyambika m'kalasi unkapitirira panjira mpaka usiku. Mwana wochokera ku Chitipa ankagona chipinda chimodzi ndi wa ku Nsanje, ndipo ambiri anayamba kulidziwa dziko lawo kudzera mwa anzawo ogona nawo.

Zipatso za moyo woterewu zimaoneka bwino pa nkhani ya zolembalemba. Gulu la alembi lotchedwa Writers Group linayamba m'chaka cha 1970 koleji idakali ku Chichiri, koma linakhwimira ku Zomba. Linkakumana madzulo kamodzi pasabata, ndipo aliyense, kaya mphunzitsi kaya wophunzira wa chaka choyamba, ankawerenga ndakatulo kapena nthano yake pamaso pa anzake kuti aisule. M'gululi munadutsa alembi monga Jack Mapanje, Steve Chimombo, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Anthony Nazombe. Chimombo anatenga Napolo, chinjoka chimene anthu amakhulupirira kuti chimagumula mapiri, amenenso anthu a ku Zomba amamutchula pokumbukira chigumula cha mu Disembala 1946, namusandutsa chizindikiro chachikulu m'ndakatulo zake. Phiri limene ankaliona tsiku ndi tsiku linalowa m'mabuku ake. Nalo gulu la zisudzo la Travelling Theatre, limene aphunzitsi monga David Kerr ndi Chris Kamlongera analitsogolera, linkakonzekera masewero ake madzulo ndi pa masiku a tchuthi lisanapite nawo kumasukulu ndi kumidzi. Ntchito zonsezi sizinali pandandanda wa maphunziro, ndipo palibe amene ankalembapo mayeso. Zinkatheka chifukwa chakuti panalibe wothamangira basi yomaliza.

Chiyankhulo cha Chichewa nachonso chinapindula. Bungwe la Chichewa Board, lokhazikitsidwa m'chaka cha 1972, linkagwira ntchito yake ku Zomba, kufupi ndi aphunzitsi a zinenero a pakoleji. M'chaka cha 1996 linalowedwa m'malo ndi Centre for Language Studies, nthambi ya yunivesite imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Kufupi ndi Zomba, ku Domasi, kuli Malawi Institute of Education kumene kumakonzedwa masilabasi ndi mabuku a m'sukulu, ndipo bungwe loyendetsa mayeso la MANEB lili mu Zomba momwemo. Mabungwewa akhala akubwerekana akatswiri mosavuta popeza onse ali moyandikana.

Kuyandikana kunaonetsanso mphamvu yake m'chaka cha 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi onse a Akatolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo m'dziko. Boma linaletsa kalatayo ndipo maepiskopi anaopsezedwa. Patangopita masiku ochepa, ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kusonyeza kuti akugwirizana ndi maepiskopiwo, chinthu chimene chinali chisanaonekepo kwa zaka zambiri. Koleji inatsekedwa, koma anzawo a ku Polytechnic anatsatira. Mu Meyi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Blantyre ananyanyala ntchito, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Panthawiyo kunalibe mafoni a m'manja. Uthenga unkayenda pakamwa, kuchoka chipinda china kupita china, ndipo anthu amene ankadya mbale imodzi ankadziwa woyenera kumukhulupirira. Paja akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga. Kuti mitu isenze denga limodzi, iyenera kukhala pamodzi.

Minga ya tauni yaing'ono

Walira mvula walira matope. Kuchepa komweko kumene kunkathandiza anthu kudziwana kunkathandizanso boma kuwalonda. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, zolankhulidwa m'kalasi kapena pamalo omwera zakumwa zinkafika msanga kupolisi, ndipo m'tauni imene aliyense ankadziwa khomo la mnzake munalibe pobisala. M'zaka za m'ma 1970 aphunzitsi ndi ogwira ntchito ena a yunivesite, ambiri mwa iwo ochokera m'chigawo cha kumpoto, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pa 25 Sepitembala 1987 Jack Mapanje anagwidwa ku Gymkhana Club mu Zomba n'kukatsekeredwa kundende ya Mikuyu, m'chigwa choyang'ana kunyanja ya Chilwa, mtunda waufupi kuchokera pakoleji pamene ankaphunzitsa. Anatuluka mu Meyi 1991 osauzidwa mlandu wake m'bwalo lililonse. Kalasi ndi ndende zinali m'boma limodzi.

Vuto lina linali la chuma. Zomba ilibe mafakitale akuluakulu, ndipo ntchito zolembedwa zambiri ndi za boma ndi za sukulu. Mphunzitsi akakwatira kapena kukwatiwa ndi munthu wogwira ntchito kubanki yaikulu kapena kukampani, banja linkayenera kusankha: wina asiye ntchito, kapena akhale motalikirana, kapena mmodzi aziyenda pamsewu. Wophunzira wofuna ganyu ya patchuthi kapena malo ophunzirirapo ntchito ankayang'ana ku Blantyre. Nawo amalonda a mu Zomba anazolowera kuti chuma chawo chimapuma pamodzi ndi koleji. Ophunzira akatsekera, ogulitsa ndiwo, osoka zovala, ometa ndi oyendetsa matola amaona kusintha m'thumba. Izi zinaoneka poyera m'chaka cha 2011, pamene mkangano wokhudza ufulu wa aphunzitsi pophunzitsa unaimitsa maphunziro kwa miyezi pafupifupi isanu ndi itatu. Mkangano unali wa aphunzitsi ndi boma, koma njala inagwera amayi ogulitsa mandasi ndi eni nyumba zalendi.

Pali maphunziro enanso amene sangakule bwino kutali ndi mzinda waukulu. Polytechnic inatsala ku Blantyre chifukwa wophunzira za umisiri ndi za malonda amafunika kukhala pafupi ndi mafakitale ndi makampani. Sukulu ya madokotala itatsegulidwa m'chaka cha 1991, inamangidwa moyandikana ndi chipatala cha Queen Elizabeth, popeza dokotala amaphunzirira pa odwala. Choncho sikungakhale kulondola kunena kuti tauni yaing'ono imaposa mzinda pa chilichonse. Chimene mbiri ikuonetsa n'chakuti sukulu iliyonse imafuna kuyandikana ndi chinthu chimene imadyapo, kaya ndi chipatala, fakitale, munda kapena nyumba ya mabuku, ndipo wophunzira wake amafunika kugona kufupi ndi chinthucho.

Msewu ufupika, zipinda zichepa

Kwa zaka zambiri ulendo wa pakati pa Zomba ndi Blantyre unkadalira mabasi a kampani ya United Transport Malawi, imene m'chaka cha 1989 inagulidwa ndi Stagecoach. Mabasi anali ochepa ndipo ankayendera nthawi yake; woiphonya ankagona komweko. M'zaka za m'ma 1990 malamulo a zamalonda atafewetsedwa, maminibasi anadzaza msewu, ndipo pambuyo pake magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan anatsika mtengo moti antchito ambiri anatha kugula. M'zaka za m'ma 2010 msewu wodzera pa Njuli, Namadzi ndi Thondwe unakonzedwanso. Wa galimoto yakeyake anayamba kuyenda ulendowu pa ola limodzi lokha. Zinakhala zotheka tsopano kuti munthu azigona ku Blantyre, kumene mkazi kapena mwamuna wake akugwira ntchito ndiponso kumene ana ake akuphunzira, n'kumaphunzitsa ku Zomba. Zinathekanso kuti loya wa ku Blantyre azikaphunzitsa malamulo ku Chirunga, kapena wantchito wa mumzinda azikachita maphunziro a kumapeto kwa sabata. Ambiri amene kale khomo la yunivesite linali lotsekeka kwa iwo analowa kudzera pamsewu umenewu, ndipo ili ndi phindu losafunika kulichepetsa.

Komabe mapanga awiri avumbwitsa. Woyenda ulendowu masiku asanu pasabata amatha makilomita pafupifupi 650, ndipo maola osachepera khumi amathera pamsewu. Wokwera minibasi amataya nthawi yoposa pamenepo podikira kuti idzaze ndiponso poima pamsika uliwonse. Mtengo wa ulendo umakwera nthawi iliyonse imene kwacha yagwa, monga zinachitikira mu Meyi 2012 ndi mu Novembala 2023, ndipo mafuta akasowa, monga m'chaka cha 2011, ulendo umalephereka. Choposa zonse, wapaulendo amaweruka maso ali kumsewu. Wophunzira wofuna kumufunsa funso madzulo amapeza chitseko chotseka. Kunyumba nako amafika ana atagona. Amapezeka kuti sali wa ku Zomba kwenikweni, komanso sali wa ku Blantyre kwenikweni.

Kwa ophunzira kusintha kunali kwakukulu koposa. Sukulu ya pulayimale itakhala yaulere m'chaka cha 1994 ndipo masukulu a sekondale atachuluka, ofuna malo kuyunivesite anawonjezeka kwambiri, koma zipinda zogona sizinawonjezeke mofanana. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 yunivesite inayamba kulandira ophunzira odzilipirira okha ndi odzipezera okha pogona. M'kupita kwa nthawi boma linaleka kudyetsa ophunzira, ndipo m'chaka cha 2015 linakhazikitsa bungwe lopereka ngongole kwa osowa. Katundu amene kale ankasenzedwa ndi boma anatsikira pamapewa a makolo ndi a tauni.

Dera la Chikanda, loyandikana ndi koleji chakumtsinje wa Likangala, ndilo linalandira ambiri. Eni malo anamanga tizipinda tochititsa lendi, ena anasandutsa nyumba zawo zogonamo ophunzira. Ophunzira ena anafalikira ku Matawale, Chinamwali, Sadzi ndi Mpondabwino, kumene amachokera wapansi, pa kabaza kapena pa minibasi. Ku Blantyre nako ophunzira a ku Chichiri anadzaza Chitawira, Naperi, Zingwangwa ndi Ndirande. Tauni inapindula ndi ndalama za lendi, ndipo Zomba, imene inapatsidwa ulemu wokhala mzinda m'chaka cha 2008, inali ndi anthu oposa 105,000 pa kalembera wa 2018, pamene Blantyre inali ndi anthu pafupifupi 800,000. Koma wophunzira wogona kunja ali ndi nkhawa zimene anzake a m'ma 1970 sanazidziwe. Ayenera kuganizira za lendi, makala, madzi ndi magetsi. Akachedwa m'nyumba ya mabuku ayenera kuyenda mumdima, ndipo kwa mtsikana chimenechi ndi chifukwa chokwanira chotsekera buku dzuwa lisanalowe. Chipinda choyandikira koleji chimakwera mtengo, chotchipa chili kutali. Motero mtunda umene kale unkagawidwa potsata khungu, lero umagawidwa potsata thumba.

Phunziro la mbiriyi

Pa 4 Meyi 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa. Polytechnic inasanduka yunivesite payokha yotchedwa MUBAS, sukulu za madokotala ndi anamwino zinapanga KUHeS, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsalira ku Chirunga. Bunda inali itapatuka kale n'kukhala maziko a LUANAR. Mayunivesite ena, monga ya Mzuzu ndi ya MUST ku Thyolo, pamodzi ndi ya mipingo ndi ya anthu wamba, afalikira m'matauni ndi m'midzi. Paliponse pamene sukulu yotere yamangidwa, funso limene Zomba yakhala ikulimbana nalo limafikanso.

Mbiri ya Zomba sikulamula kuti aliyense azikhala m'tauni yaing'ono. Banja lili ndi zifukwa zake, ndipo mzinda waukulu uli ndi ntchito, zipatala ndi mwayi umene tauni yaing'ono singapereke. Chimene mbiriyi ikuchenjeza n'chakuti powerengera mtengo wa malo ogona, munthu asawerenge lendi ndi ndalama ya minibasi zokha. Awerengenso maola. Ndakatulo za Writers Group, masewero a Travelling Theatre ndi kulimba mtima kwa mu Malichi 1992 zinabadwa m'maola a madzulo amene sanalembedwe pandandanda uliwonse. Dziko limene likumanga makalasi osamanga pogona likupatsa ana ake theka la maphunziro, ndipo theka losowalo limasowa kwambiri kwa mwana wa mmphawi, amene amagona kutali kuposa anzake onse.

Wophunzira wa sekondale amene akuyembekeza kudzaona dzina lake pamndandanda achita bwino kuyamba kufunsa msanga za pogona, monga momwe amafunsira za maphunziro amene akufuna kukachita. Safunsa adadya phula. Ngati mwayi ulipo wogona kufupi ndi nyumba ya mabuku, ngakhale m'kachipinda kopanikiza, aulandire ndi manja awiri. Ngati palibe, adziwe chimene msewu ukumulanda, ndipo ayesetse kuchibweza popeza anzake owerenga nawo ndi kukambirana nawo kumene akukhalako. Nawo amene adzakhale atsogoleri mawa akumbukire kuti chipinda chogona cha wophunzira ndi gawo la sukulu, mofanana ndi kalasi ndi nyumba ya mabuku.